Khoma la a Alaudin

1. Tiyi wa Loweruka

Loweruka m'mawa, dzuwa lisanayambe kuluma, banja la a Alaudin linali pakhonde likumwa tiyi ndi chinangwa chophika. Nsomba zinali zitadya kale. Pakhomo pamenepa nsomba ndizo zinkayamba kudya, anthu pambuyo.

A Alaudin anali mlimi wa nsomba wodziwika m'dera la Malemia. Kumunsi kwa nyumba yawo kunali madamu omwe ankalandira madzi a m'ngalande yochokera mumtsinje wa Domasi. Iwo sankagulitsa nsomba zandiwo ayi. Ankagulitsa mbewu, tiana ta makumba ndi chilinguni, kwa anthu ofuna kuyamba ulimiwu.

Ali mkati momwa tiyi, foni yawo inalira.

"Eee, ndi kuno," anayankha a Alaudin. "Mukuimba kuchokera ku Mulanje? Mbewu ilipo, bambo. Mungobwera ndi zigubu zotsuka bwino, zosanunkha mafuta."

Atatsitsa foniyo, akazi awo, mayi Sakina, anaseka. "Foni imeneyi masiku ano siikupuma. Kale inkangolira pakagwa maliro."

"Ntchito za mwana wanuyu," anatero a Alaudin.

Husna, mwana wawo wamkazi wa Fomu 3, anabisa kumwetulira kwake m'kapu. Iye ndiye anapanga tsamba la pa intaneti lotsatsa mbewu ya nsombayo. Anaphunzira zimenezi kusukulu, ndipo analimanga pang'onopang'ono pafoni yake yong'aluka galasi. Pamwamba pa tsambalo anaikapo chithunzi cha bambo ake atavala mkanjo woyera ndi chisoti cha kumzikiti, akuloza damu ndi chala.

Poyamba tsambalo silinathandize kanthu. Munthu akalemba pa intaneti kuti "mbewu ya nsomba Zomba", pankabwera mndandanda wautali wa masamba a eni. La Husna linkapezeka kumunsi kwenikweni, komwe chala cha munthu chimatopa chisanafike. Koma mwezi wapitawo zinthu zinasintha. Tsambalo linakwera mpaka pamwamba penipeni, ndipo ogula anayamba kuimba.

Zinasintha pa nthawi yake. Kunja kunali kutatentha, madzi m'ngalande anali atayamba kuchepa, ndipo tinsomba tinali titathithikana m'madamu. Popanda ogula tikanayamba kufa.

"Odi kuno!"

Anali a Stephano, mkulu wa mpingo wa ku Domasi Mishoni. Iwo ndi a Alaudin anakulira limodzi, wina wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti, koma ubwenzi wawo sunafunsepo za zimenezo. Chaka chimenecho awiriwa ankayenda m'midzi kuchenjeza achinyamata za kubetcha, pakuti anyamata anali atayamba kugulitsa njinga ndi mbuzi za makolo awo. Lolemba likubweralo anali oti akayankhule pabwalo la sukulu.

Mayi Sakina anawapatsa mpando ndi kapu. A Stephano anakhala, koma kapuyo sanaikhudze.

"Che Alaudin," anayamba motsitsa mawu, "wakutsina khutu ndi mnansi. Mkamwini wanga wa ku Chingale akufuna kukumba damu. Ndiye dzulo ndinauza mdzukulu wanga kuti atsegule tsamba lanu lija, timutumizire. Mwanayo anangoti kuyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Ndinamulanda foni. Ine sindinaseke."

Anatulutsa foni m'thumba la jekete, n'kuipereka ndi manja awiri.

2. Zimene zinali pafoni

Onse anaweramira pafonipo.

Chithunzi cha a Alaudin chinalipo, mkanjo wake woyera bwino. Koma pomwe chala chawo chinkaloza panalibe damu. Panali kawindo kofiira kothwanima, mpira ukudumphadumpha mkati mwake, ndi mawu akuluakulu: BETCHANI LERO, MAWA MUDZUKE OLEMERA! Kumunsi kwa mapazi awo kunali kawindo kena, koonetsa botolo la mowa likuchita thukuta.

Kapu ya mayi Sakina inagwa pansi. Tiyi anayenderera mpaka pansi pa mpando, koma palibe anasuntha phazi.

"Mayo ine!" anatero mayiwo, manja ali kumutu. "Abambo ake Husna, ndinu amene mukuloza zimenezi?"

A Alaudin anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso, n'kuyang'ananso. Zinthu zija zinali pomwepo.

"Ayi, ayi!" anafuula Husna. "Limenelo si tsamba langa. Taonani, Ababa, langa ndi ili!"

Anatsegula tsambalo pafoni yake. Linali loyera ngati mmene analisiyira: bambo ake, damu, mayina a nsomba ndi nambala ya foni. Panalibe mpira, panalibe botolo.

"Tatsegula pa yangayi," anatero mayi ake.

Husna anatsegula. Mpira uja unayamba kudumpha pansi pa chala cha bambo ake.

Pamenepo mtsikanayo anakhala pansi osadziwa kuti wakhala. Anakumbukira zimene aphunzitsi anawauza, iye n'kusalabadira. Tsamba limaoneka mwa mtundu wina kwa mwini wake amene walowa ndi mawu achinsinsi, ndipo limaoneka mwa mtundu winanso kwa mlendo. Mwezi wonsewo iye ankaliona ali mkati. Sanabwerekepo foni ya munthu wina kuti alione ngati wodutsa.

"Aona kale ndi angati?" anafunsa a Alaudin.

A Stephano anazunguza chipewa chawo m'manja. "Sindidziwa, achimwene. Koma mdzukulu wanga akuti pa Songani anyamata ayamba kukutchulani dzina lina."

"Dzina lanji?"

"Tisiye zimenezo."

"Nenani, a Stephano. Ndimve kwa inu kusiyana n'kukamva pamsewu."

"Akuti ndinu Che Jakipoti."

Mayi Sakina anaphimba nkhope ndi chitenje. A Alaudin anatembenukira kwa mwana wawo. Sanakweze mawu.

"Husna, nyumba yakoyi, kiyi wake ali ndi ndani winanso?"

Husna anafotokoza akuyang'ana pansi. Pa Songani panali mnyamata wokonza mafoni, dzina lake Success. Iye anamuuza kuti makina ofufuzira zinthu pa intaneti ali ngati mlendo wofunsa njira pasiteji: komwe anthu ambiri aloza, ndi komwe amapita. Success anali ndi timasamba tambirimbiri, ndipo analonjeza kuti tonseto tiziloza tsamba la Husna kuti likwere. Sanafune kulipidwa. Anangopempha mawu achinsinsi, kuti aikepo timawindo tiwiri totsatsa malonda.

"Unamufunsa kuti ndi malonda anji?"

"Anati ndi malonda wamba, Ababa."

"Ndati unamufunsa kuti ndi malonda anji?"

"Sindinafunse."

3. Mawu a bambo

A Alaudin anadzuka, anamugwira Husna padzanja, n'kupita naye kuseri kwa nyumba, mbali yoyang'ana kumsewu. A Stephano ndi mayi Sakina anatsatira. Khoma la mbali imeneyo linali la njerwa zosapaka, zakuda ndi mvula za zaka zambiri.

"Taliona khomali, mwanangu," anatero a Alaudin. "Ndi lonyansa eti? Amayi akowa akhala akundidandaulira za khoma limeneli chibadwire iwe.

"Uli wamng'ono, kunabwera anthu pagalimoto atanyamula zitini za penti. Anati, 'Mdala, nyumba yanu ili pamalo abwino. Tikupakirani khoma lonseli mwaulere, ife tingolembapo dzina la katundu wathu.' Ndinawafunsa kuti katundu wanji. Anati chakumwa. Ndinati chakumwa chanji. Pamenepo anayamba kukanda m'mutu. Ndinawapatsa madzi akumwa, ndinawaperekeza kugalimoto yawo, ndipo khoma langa linatsala chonchi mpaka lero.

"Ukudziwa chifukwa chake? Mwini nyumba amagona mkati. Zolembedwa pakhoma lake iye saziona. Amaziona ndi odutsa. Ndipo wodutsa safunsa kuti analemba ndani. Amangoti nyumba ya uje yanena zakutizakuti. Khoma ndi pakamwa pa mwini nyumba, limayankhula ngakhale iye ali mtulo.

"Ine ndi a Stephano tayenda m'midzi yonseyi. Takhala pansi ndi amayi olira chifukwa mwana wagulitsa feteleza wa m'munda kuti akabetche. Ndagwira anyamata paphewa, ndawauza kuti juga ndi dzenje lophimba ndi udzu. Ena anandimvera. Tsono taganiza, mnyamata amene anandimvera uja watsegula foni, wapeza ine ndemwe, chisoti kumutu, ndikumulozera dzenjelo ndi chala changa. Lolemba ndikaima bwanji pamaso pawo? Ndikatsegula pakamwa kuti chiyani?

"Sindikuti unafuna zoipa. Unaona nsomba zikuthithikana, unafuna kuthandiza bambo ako, ndipo unathandizadi. Koma safunsa anadya phula. Munthu akakupatsa chinthu chaulere, uzifunsa kuti iye adya chiyani. Ngati sukuona chimene adye, ndiye kuti akudya iweyo."

Husna ankalira mwakachetechete. Mayi ake anamukokera kwa iwo.

"Komatu abambo," anatero mayi Sakina, "tsambali likachoka pamwamba paja, ogula atipeza bwanji? Madzi akuphwa. Nsomba zija zitani?"

"Nsomba zikafa, tidzakatenga mbewu ina kwa anzathu," anayankha a Alaudin. "Dzina lilibe mbewu."

Kenaka anayang'ana mwana wawo. "Ine chitseko cha nyumba yakoyo sindichidziwa. Unabwereketsa khoma wekha, upite wekha ukalilande. Mmene ukachitire, ukaona iwe."

4. Pa Songani

Husna anakwera kabaza mpaka pa Songani. Linali dzuwa la masana, ndipo pamsika panali piringupiringu. Makondakitala ankaitanira za ku Liwonde, amayi ankathamangira mawindo a minibasi ndi mabeseni a nthochi.

Kakontena ka Success kanali kuseri kwa ogulitsa matemba. Mwini wake anali atawerama pafoni yotsegula pamimba, kachitsulo kowotcherera kali m'manja.

"Eee, abwana a nsomba!" anatero atamuona. "Mwabwera kudzathokoza? Mukanatenga ndi tinsomba tiwiri, sisi, ifenso timadya."

Husna anaika foni ya mayi ake pathebulo, mpira uja ukudumpha.

"Ichi n'chiyani?"

Success anayang'ana, n'kukweza mapewa. "Malonda."

"Munati malonda wamba."

"Nanga si wamba? Pali mnyamata pa Songani pano amene sawadziwa? Tamverani, sisi. Ogulitsa sopo salipira kanthu. Amene amalipira bwino munthu akadina kawindo ndi amenewa. Inu mwapeza ogula, ine ndapeza kanga. Walira ndani?"

"Alira amayi anga. Bambo anga mukuwadziwa. Mukudziwa zimene amaphunzitsa."

"N'chifukwa chake zikuyenda!" anaseka Success. "Anthu akaona nkhope ya mdala wachisoti amakhulupirira. Pa masamba anga onse, lanu ndi limene akudina kwambiri."

Husna anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Ankaganiza kuti mnyamatayo achita manyazi, kapena anena kuti zinachitika mwangozi.

"Chotsani," anatero.

"Ndikachotsa, ndichotsanso timasamba tanga tonse tokulozani. Pofika mawa mudzakhala mutabwerera kumunsi kuja, kumanda. Foni ya mdala idzangoti zii. Ndamva kuti madzi akuphwa kwanuko. Nsomba zakufa mudzazitsatsa pati?"

Success anaika kachitsulo kake pansi, n'kutsitsa mawu ngati mlongo wachifundo.

"Chabwino, tipange chonchi. Makinawa amadziwa komwe munthu ali. Ndikhoza kutchera kuti aliyense wa m'boma la Zomba asaone kanthu. Mdala akatsegula, koyera. Anzawo a kutchalitchi aja akatsegula, koyera. Aziona ndi a kutali okha, a ku Mulanje, a ku Lilongwe, anthu osakudziwani n'komwe. Inu mupita kunyumba, mukati ndachotsa. Mukhala pamwamba pomwepo, nsomba zigulidwa, aliyense agona bwino. Ndi ntchito yoti ndimaliza musanamalize kumwa fanta."

Husna anayang'ana foni ya mayi ake pathebulo paja. Kunja kondakitala ankakuwabe. Fungo la matemba linkalowa ndi mphepo yotentha.

"Ku Mulanje kulibe anyamata?" anafunsa Husna.

"Mwati bwanji?"

"Ndati ku Mulanje kulibe anyamata? Alibe amayi awo? Chala cha bambo anga chizilozabe dzenje, kungoti iwo asadziwe?"

"Aaa, sisi, mwayamba ulaliki."

"Ndionetseni pomwe munabisa timawindoto, ndichotse ndekha."

"Fufuzani. Si inu a Fomu 3?"

Husna anatulutsa foni yake yong'aluka ija. Anafufuza m'kati mwa tsambalo, koma zimene Success anaikamo zinali zobisika m'malemba osamveka, ngati minga m'matope. Akanachotsa china, china chikanatsala. Panali njira imodzi yokha imene ankaidziwa bwino.

Anapita pamalo ofufutira tsamba lonse. Foni inamufunsa ngati watsimikiza, n'kumuchenjeza kuti zikapita sizibwereranso. M'menemo munali zithunzi zimene anajambula m'mamawa dzuwa likutuluka, ndi mawu amene analemba n'kufufuta, n'kulembanso, teremu yonse yathunthu.

"Simungatero," anatero Success. "Tsamba lili pa nambala wani? Anthu amailirira nambala imeneyo!"

Husna anadina.

Anatsegulanso pafoni ya mayi ake. Panangobwera mawu akuti tsambali silikupezeka. Mpira unali utapita, botolo litapita, bambo ake ndi damu lawo atapitanso.

Success anapukusa mutu, n'kutolanso kachitsulo kake. Koma pakamwa pake panali kakumwetulira.

"Muyende bwino, sisi. Kungoti za pa intaneti sizifa."

5. Kudamu

Atafika kunyumba, Husna anafotokoza zonse, ngakhale za njira yobisa ija imene anaikana. A Alaudin anamvetsera mpaka kumapeto. Anangotambasula dzanja n'kuliika pamutu pa mwana wawo, ndipo linakhala pamenepo nthawi yaitali.

Madzulo onsewo foni yawo siinalire.

Kutacha Lamulungu, bambo ndi mwana anatsikira kumadamu ndi chidebe cha madeya. Belu la ku Mishoni linkamveka chapatali. M'mbali mwa damu loyamba munali tinsomba tingapo titayandama, mimba zili m'mwamba. A Alaudin anatiwola ndi dzanja, n'kutiponya pa udzu.

"Ababa, pepani," anatero Husna.

"Wazira kuno, uko kwakwana," anayankha iwo, akumulozera pakona. "Udzamanga tsamba lina, mwanangu. Lidzakwera mochedwa, ngati mtengo wa mango, koma lidzakhala lako. A Stephano akuti kumpingo kwawo kuli kalabu ya alimi yomwe ili ndi tsamba lake. Amenewo akatiloza, adzatiloza chifukwa akutidziwa. Ndipo ukadzamanga, uzituluka panja kukaliona khoma lako."

Husna anawaza madeya. Madzi anachita thovu ndi timilomo tambirimbiri.

Posakhalitsa kumtunda kunamveka njinga yamoto. Mayi wina wonenepa, wovala chitenje chobiriwira, anatsika ndi zigubu ziwiri, n'kutsetsereka kubwera kudamu.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndine mayi Lyness, ndachokera ku Malosa. Ndakuzindikirani ndi nkhope, ndinu a pa intaneti aja. Koma mwandizunguza! Mnyamata wanu woyankha foni uja amati nsomba ndikatengere pa Songani. Ine ndinati ayi, ndikufuna ndikaone damu ndi maso anga. Ndachita kufunsira m'njira monse."

"Mnyamata wanga?" anafunsa a Alaudin. "Ine ndilibe mnyamata woyankha foni."

"Mayi, tsambalo mwaliona liti?" anafunsa Husna.

"Lero lomwe, ndikumwa tiyi."

"Sizingatheke. Ndinalifufuta dzulo ndi dzanja langali."

Mayi Lyness anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa foni, n'kulemba mawu aja: mbewu ya nsomba Zomba. Anadina tsamba limene linali pamwamba penipeni, n'kumupatsa Husna.

A Alaudin analipo, mkanjo woyera, chisoti kumutu. Mawu onse anali a Husna, osasintha ngakhale limodzi. Mpira uja unkadumpha pansi pa chala chawo. Koma nambala ya foni imene inali kumunsi siinali yawo. Inali ya Success, amene anali atakopera tsamba lonse.

Husna anatembenuza foniyo kuti bambo ake aone.

A Alaudin anayang'ana nthawi yaitali, madeya akuwapulumuka m'zala kugwera m'madzi. Kenaka anasasa m'manja, n'kutembenukira kwa mlendoyo.

"Mayi, khalani pamthunzipo. Amayi a kunyumba akupatsani madzi, ndipo mbewu yanu ndikuwolerani ndekha, muione ndi maso anu."

Anatola ukonde umene unali pa udzu, n'kumupatsa Husna mbali imodzi.

"Gwira uko, mwanangu. Tikatha apa ukavale nsapato. Dzulo unapita wekha pa Songani. Lero tipitira limodzi."